Miyala ya ku Lustra, lubani wa ku Smurna

Tsiku loyamba: Konya ndi Hatunsaray

Tayambira ku Konya, mzinda wa ku Turkey umene buku la Machitidwe a Atumwi limautcha Ikoniyo. Tikuyenda chobwerera. Paulo ndi Barnaba anachokera kumadzulo kubwera kuno, pomwe ife tikuchokera kuno kulowera kumadzulo.

Wofuna kuona Lustra asathamangire kumudziko. Ayambe ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mu Konya mommuno, kumene kuli mwala wa guwa wolembedwa m'Chilatini. Pa mzere wina pakuwerengeka dzina loti LVSTRA. J. R. Sitlington Sterrett ndi amene anaupeza mu 1885 pafupi ndi mudzi wa Hatunsaray, ndipo mwalawu ndiwo unathetsa mkangano wa malo amene panali mzindawo. Mawu akewo ndi opereka ulemu kwa Kaisara Augusto, ndipo akumutcha mulungu. Choncho umboni woyamba pa ulendo uno ndi wa chinthu chomwecho chimene chinadzaphetsa Akhristu patapita zaka.

Hatunsaray ili pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 30 kumwera kwa Konya. Kulibe zipilala zonga za ku Efeso. Ndi chitunda chachikulu pakati pa minda basi, chopanda mthunzi, choncho tengani madzi, chipewa ndi nsapato zopondera paminga. Werengani Machitidwe 14 muli pamwamba pake.

Atachiritsidwa munthu wolumala, khamu linafuula m'Chilukaoniya, chinenero cha eni dera, osati m'Chigiriki. Zikuoneka kuti n'chifukwa chake atumwiwo sanatulukire msanga zimene zinkachitika, mpaka wansembe wa Zeu atafika pachipata ndi ng'ombe zamphongo ndi nkhata zamaluwa. Anthu omwewa amene ankafuna kupereka nsembe kwa Paulo ndi amene anamuponya miyala, namukhwekhwerezera kunja kwa mzinda poganiza kuti wafa. Ena mwa owatuntha anayenda makilomita oposa 150 kuchokera ku Antiokeya wa ku Pisidiya. Chidani sichimva kutopa kwa miyendo.

Pali zinthu ziwiri zimene alaliki ambiri amazilekanitsa pomwe lembalo laziika pamodzi. Pa vesi 6, atumwi atamva za chiwembu ku Ikoniyo anathawa. Pa vesi 20, Paulo atadzuka pamene anamutayapo analowanso mumzinda womwewo, m'mawa mwake n'kupita ku Derbe. Pambuyo pake anabwereranso ku Lustra, Ikoniyo ndi Antiokeya, kukalimbikitsa ophunzira ndi kuwaikira akulu ampingo. Kuthawa kunali kumvera Yesu, amene pa Mateyu 10:23 anati akakuzunzani mumzinda uwu thawirani wina. Kubwerera kunali kukana kusiya nkhosa zopanda mbusa. Mawu aja akuti tiyenera kulowa mu Ufumu wa Mulungu kudzera m'masautso ambiri anayankhulidwa ndi munthu wa zipsera zosapola, kwa anthu amene anamuona atagona pansi. Timoteyo anali wa kuno, ndipo n'chifukwa chake 2 Timoteyo 3:11 ikutchula mizinda itatuyi mayina isananene kuti onse ofuna kukhala moyo wopembedza mwa Khristu adzazunzidwa.

Tsiku lachiwiri: Yalvaç

Kuchokera ku Konya kudzera ku Beyşehir ndi maola pafupifupi atatu pa galimoto. Mabwinja a Antiokeya ali m'mphepete mwa tawuni ya Yalvaç, pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala. Juzi musaisiye m'galimoto.

Lowerani pachipata chakumadzulo, tsatirani msewu wamiyala wokwera mtunda, mudutse bwalo la masewero, mpaka pamwamba penipeni pamene panali kachisi wa Augusto. Kumbuyo kwake thanthwe analisema mozungulira ngati theka la mwezi. Aliyense wolowa mumzindamu ankadziwa amene ali mwini wake asanafunse n'komwe.

Muzu wa nkhani ya mazunzo suyambira kwa Aroma ayi. Yesu anauyambira kwa Abele mpaka kwa Zekariya (Mateyu 23:35). Stefano anafunsa abwalo lalikulu kuti ndi mneneri uti amene makolo awo sanamuzunze, ndipo Saulo anali pomwepo akusunga zovala za omuponya miyala. Pa Yohane 15:20 Yesu ananena mosabisa kuti kapolo saposa mbuye wake, ngati anazunza iye adzazunzanso omutsatira. Mpingo woyamba sunaone mazunzo ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi, koma ngati mzere umene iwo angolowamo.

Pa Machitidwe 13:50 onani bwino amene anapirikitsa atumwi kuno: amayi olemekezeka opembedza Mulungu ndi akuluakulu a mzinda. Palibe lamulo linawerengedwa, palibe mlandu unazengedwa. Anangonong'onezana oyenera kunong'onezana, alendo n'kupezeka ali kunja kwa malire. Ndipo tinene pano, poti mavesiwa agwiritsidwa ntchito moipa kwa zaka mazana ambiri: Paulo, Barnaba, Stefano ndi Yesu mwini anali Ayuda, ndipo ambiri mwa okhulupirira oyamba m'mizinda imeneyi anachokera m'sunagoge. Unali mkangano wa m'banja. Amene amatengapo chilolezo chodana ndi Ayuda wasanduka wozunza yemwe lembalo likumudzudzula.

Tsiku lachitatu: Efeso

Dzulo madzulo tinayenda maola asanu ndi kanthu kufika ku Selçuk, kuti lero tikhale pachipata akamatsegula. Efeso ali ndi zipata ziwiri, chakumtunda ndi chakumunsi. Kuyambira kumtunda n'kwabwino chifukwa mumangotsetsereka, ndipo bwalo lalikulu la masewero mumalipeza kumapeto, koma vuto n'lakuti galimoto imatsala kumtunda. Panganani ndi woyendetsa kuti akakudikireni kumunsi, apo ayi mukwera mtunda wonsewo dzuwa lili paliwombo. Cha m'ma 10 koloko magulu ochokera m'sitima zapamadzi za ku Kuşadası amakhala atadzaza misewu. Miyala ya pansi inasalala ndi mapazi, ndipo ikanyowa imaterera ngati sopo.

Bwalolo linkalowa anthu pafupifupi 25,000. Khalani pa mzere wapakati muwerenge Machitidwe 19:23-41, ndipo tcherani khutu pa ndondomeko ya mawu a Demetriyo, wosula siliva. Sanayambe ndi Artemi. Anayamba ndi kukumbutsa amisiri anzake kuti chuma chawo chimachokera pa ntchito imeneyi, kenako anati ntchitoyo inyozeka, ndipo ulemu wa mulungu wamkaziyo anautchula pomalizira. Chimene chinkapweteka chinali thumba, koma chimene chinafuulidwa kwa maola awiri chinali dzina la Artemi. Luka akuwonjeza kuti ambiri m'khamumo sankadziwa n'komwe chimene anasonkhanira.

Paulo anafuna kulowa m'bwalomo. Ophunzira anamukaniza, akuluakulu ena a chigawo cha Asiya amene anali abwenzi ake anatumiza uthenga womuchonderera, ndipo iye anamvera. Amene anazimitsa moto anali mlembi wa mzinda, munthu wosakhulupirira, ndipo mfundo yake inali yakuti anthuwa sanabe za m'kachisi, sananyoze mulungu wathu, ndipo ngati pali mlandu mabwalo alipo. Akanakhala kuti wina mwa okhulupirira anaswapo fano kapena kutukwana pamsika, mlembiyo akanasowa poyambira. Apa ndi pamene 1 Petro 4:15-16 imamveka bwino: wina asamve zowawa ngati wakupha, wakuba kapena wolowerera za eni, koma ngati Mkhristu. Si chilango chilichonse chogwera munthu wopemphera chimene chili chizunzo. Zina ndi malipiro a mwano chabe.

Kachisi wa Artemi, amene anali ndi zipilala 127, ali m'dambo m'mphepete mwa Selçuk. Chatsala ndi chipilala chimodzi cholumikiza zidutswa, pamwamba pake mbalame zinamangapo chisa. Mphindi khumi zikwana.

Tsiku lachinayi: İzmir

Smurna wakale ali pansi pa mzinda wa anthu mamiliyoni, choncho zooneka n'zochepa. Galimoto isiyeni, mukayende wapansi kuchokera ku Konak kudutsa mumsika wa Kemeraltı mpaka pa Agora, bwalo la malonda limene linamangidwanso chivomezi cha mu 178 chitaligwetsa. Tsikirani m'zipinda zapansi, kumene madzi akuyendabe m'ngalande yakale. Mukatero kwerani phiri la Kadifekale. Bwalo la mipikisano kumene anawotchera Polycarp, bishopu wa Smurna, linali m'mbali mwa phiri limeneli, koma pano pali nyumba za anthu.

Smurna ankanyadira kukhulupirika kwake kwa Roma. Anamangira Roma kachisi kale mu 195 Yesu asanabadwe, ndipo mu 26 Yesu atabadwa anapambana mizinda ina pa mpikisano womangira Kaisara Tiberiyo kachisi. Kwa mpingo wa mumzinda wotere ndi kumene Chivumbulutso 2:10 ikunena kuti khala wokhulupirika kufikira imfa. Kalatayo ilibe chidzudzulo, ilibenso lonjezo loti apulumuka kundende. Yangoika malire, masiku khumi.

Mmene mlandu wa Mkhristu unkayendera timaudziwa kuchokera kwa wozenga mlandu weniweni. Cha mu 112, Pliny, bwanamkubwa wa Bituniya ndi Ponto, analembera mfumu Trajan kufotokoza njira yake. Ankafunsa munthu ngati ndi Mkhristu. Akavomera ankamufunsanso kachiwiri ndi kachitatu, akumuopseza, ndipo akaumirira ankalamula kuti akaphedwe, pomwe nzika za Roma ankazilemba kuti zitumizidwe ku Roma. Wonena kuti si Mkhristu ankayesedwa motere: apemphere kwa milungu, apereke lubani ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu, atemberere Khristu. Trajan anayankha kuti Akhristu asamasakidwe, makalata opanda dzina asamalandiridwe, koma woneneredwa n'kupezeka wolakwa alangidwe. Tanthauzo lake n'lakuti moyo wa Mkhristu unali m'manja mwa mnansi wake. Ndipo Pliny anasangalala kuti nyama ya nsembe, imene inkasowa ogula, yayambanso kuyenda malonda. Demetriyo uja wabweranso.

Za Polycarp, amene anaphedwa cha m'ma 155, tili ndi kalata imene mpingo wa Smurna unalemba. Anthu amakonda kutchula yankho lake loti watumikira Khristu zaka 86 ndipo sanamulakwirepo, nanga angachitire bwanji mwano Mfumu yake. Zimene zinachitika asanafike pamenepo sizitchulidwa kawirikawiri. Abale atamuumiriza anachoka mumzinda kukabisala pamunda wina, kenako pa wina. Anapezeka chifukwa kapolo wina anaulula atazunzidwa. Omugwira atafika, iye analamula kuti awapatse chakudya, napempha ola limodzi loti apemphere. Ali m'njira, mkulu wa apolisi anamunyengerera ndi funso looneka laling'ono: choipa n'chiyani kunena kuti Kaisara ndi Ambuye ndi kuwaza lubani? Kalata yomweyo ikunenanso za Quintus, wochokera ku Frugiya, amene anakadzipereka yekha nakakamiza ena kutero, koma ataona zilombo anachita mantha napereka nsembe. Olembawo akuti sayamikira odzipereka okha, chifukwa Uthenga Wabwino suphunzitsa zotero. Wothamangira imfa anagwa, wobisala kawiri anaima.

Tsiku lachisanu: Bergama

Makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa İzmir. Pamwamba pa phiri mumafika ndi kangolo koyenda pa chingwe, ndipo mphepo ikakula amakaimitsa, choncho pitani m'mawa. Bwalo la masewero n'lotsetsereka kwambiri, a chizungulire alionere pamwamba.

Chivumbulutso 2:13 ikuti kuno kunali mpando wachifumu wa Satana. Owonetsa alendo amaloza maziko a guwa lalikulu, limene miyala yake yosema inatengedwa kupita ku Berlin. Mwina, koma Pergamo, amene ndi Bergama wa lero, ndi kumenenso kunamangidwa kachisi woyamba wa Roma ndi Augusto m'chigawo cha Asiya, mu 29 Yesu asanabadwe, ndipo ife tikuona kuti zimenezi zikugwirizana bwino ndi nkhani yonse ya bukulo. Wophedwa amene watchulidwa ndi mmodzi yekha, Antipa, ndipo akutchedwa mboni yokhulupirika, dzina limene pa 1:5 ndi la Yesu mwini. Liwu la Chigiriki limene pambuyo pake linadzatanthauza wofera chikhulupiriro poyamba linkangotanthauza mboni. Mpingo womwewu, umene sunagonje Antipa ataphedwa, ukudzudzulidwa chifukwa cha ena odya zoperekedwa kwa mafano. Lupanga unalipirira, koma pa phwando unaterereka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: pamsewu

Galimoto yobwereka ku Turkey nthawi zambiri siloledwa kuwoloka malire, choncho taibweza n'kukwera basi kudzera pa chipata cha İpsala ndi Kipoi kupita ku Kavala. Ofunika viza akhale ndi ya Schengen asananyamuke kwawo, chifukwa pamalire saipereka. Imagwira ku Greece ndi ku Italy komwe. Ma lira otsala asintheni musanawoloke, kutsidyaku ndi ma euro. Paulo anawoloka panyanja kuchokera ku Trowa kufika ku Neapoli, amene ndi Kavala wa lero, masiku awiri. Pobwerera, pa Machitidwe 20:6, ulendo womwewo unatenga masiku asanu.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri: Filipi

Mabwinjawa ali makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku Kavala, ndipo miyala ya msewu wa Via Egnatia ikuonekabe m'mbali mwa bwalo lalikulu la mzinda. Kachipinda kamene amakatcha ndende ya Paulo kanali chosungiramo madzi cha Aroma, ndipo dzinalo kanapatsidwa patapita zaka mazana. Malo otsimikizika ndi bwalolo, chifukwa Machitidwe 16:19 ikuti anawakokera kubwalo la malonda kwa olamulira.

Apanso chiyambi ndi ndalama. Eni a mtsikana wolosera anaona kuti phindu lawo latha. Koma pamaso pa oweruza sanatchule phindu. Anati anthu awa ndi Ayuda, akusokoneza mzinda wathu ndi miyambo yosaloleka kwa ife Aroma. Mtundu ndi kukonda dziko zinaphimba nkhani ya thumba. Anawavula, anawakwapula ndi ndodo, anawaika m'chipinda cham'kati, mapazi m'matangadza.

Nyimbo za pakati pa usiku aliyense amazidziwa. Mbali imene imadumphidwa ndi ya m'mawa mwake. Oweruza atatumiza uthenga woti amasulidwe mwakachetechete, Paulo anakana. Anati atikwapula poyera osatizenga mlandu, ife nzika za Roma, ndiye atitulutse mobisa? Abwere okha. Lamulo la Roma linkaletsa kukwapula nzika isanaweruzidwe, ndipo oweruzawo anabwera kudzapepesa. Uku sikunali kubwezera. Akanachoka mobisa, Lidiya, woyang'anira ndende uja ndi mabanja awo akanatsala ndi mbiri yoti ndi otsatira a zigawenga. Munthu yemweyo amene anaimba m'matangadza anagwiritsanso ntchito lamulo mpaka pamapeto pake, ndipo anachita chimodzimodzi ku Yerusalemu atamumanga kuti amukwapule, ndi ku Kaisareya pamene anapempha kukaonekera kwa Kaisara. Ophunzitsa kuti wozunzidwa asapite kubwalo la milandu chifukwa kutero n'kusowa chikhulupiriro akutsutsana ndi Paulo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu: Roma

Tanyamukira pa bwalo la ndege la Thessaloniki. Alendo ambiri amathamangira ku Colosseum kukafuna magazi a ofera chikhulupiriro oyamba, koma nyumbayo inatsegulidwa mu 80, mfumu Nero atafa kale mu 68. Moto waukulu unabuka mu Julaye 64, ndipo Tacitus, wolemba mbiri wa Chiroma, akuti Nero anakankhira mlandu kwa Akhristu pofuna kuthetsa mphekesera yoti anauyatsa ndi iye. Ena anawaveka zikopa za nyama kuti agalu awakhadzule, ena anawapachika, ena anawayatsa ngati nyali usiku, m'minda ya Nero ndi pa bwalo lake la mipikisano ku Vatican. Mwala wautali wosongoka umene uli pakati pa bwalo la St Peter unali pa bwalo la mipikisanolo, ndipo anausunthira pamene ulipa mu 1586.

Masana tapita ku manda apansi a San Callisto pa Via Appia Antica. Basi nambala 118 imafika. Lachitatu amatseka, mumalowa ndi wokutsogolerani basi, zithunzi n'zoletsedwa, ndipo pansipo pamazizira chaka chonse. Njira zake zonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 20, m'magawo anayi otsikira pansi. Zoti Akhristu ankakhala mobisala muno n'zongopeka. Anali manda, ndipo boma linkawadziwa. Bishopu Sixtus II anagwidwa pa manda amenewa naphedwa pa 6 Ogasiti 258, mu ulamuliro wa Valerian.

Chizunzo cha ufumu wonse chinayamba ndi mfumu Decius mu 250, pamene aliyense anayenera kupereka nsembe pamaso pa akuluakulu a boma ndi kulandira chikalata chotsimikizira. Zikalata zotere zoposa 40 zapezeka ku Egypt. Ambiri anapereka nsembe, ena anagula chikalata ndi ziphuphu. Chizunzo chitadutsa, mpingo wa ku Roma unang'ambika pa funso la anthu amenewa. Wansembe Novatian anati asabwerere, bishopu Cornelius anati abwerere atalapa, ndipo mpingo waukulu unatsata Cornelius. Akanachita bwanji mwina, pomwe Petro amene manda ake ankawalemekeza anakana Ambuye katatu?

M'kachipinda kotchedwa manda a apapa muli miyala yosweka yolembedwa m'Chigiriki. Umodzi ndi wa Pontian, amene anafera ku ukapolo ku Sardinia mu 235. Amene anakonza zoti mtembo wake ubwere kuno ndi Fabian, bishopu wa Roma wa pambuyo pake, kutsata zija za pa Ahebri 13:3, zokumbukira am'ndende ngati kuti mwamangidwa nawo. Fabian nayenso anaphedwa mu Januwale 250, kumayambiriro kwenikweni kwa chizunzo cha Decius, ndipo mwala wake uli m'chipinda chomwecho. Pali dzina lake, pali chidule cha liwu loti bishopu, kenako zilembo zolukana zofupikitsa liwu lija loti mboni. Pemphani wokutsogolerani awalitse tochi chapambali. Zilembo zomalizazo n'zosazama ngati zinazo, chifukwa zinasemedwa pambuyo pake, mwala uli kale pakhoma.